Tsidya Liti, Eliness?

1

Dzina langa ndi Tikondwe, koma kwathu ku Lizulu amangonditcha mtchona, ndipo sindiwatsutsa. Ndinachoka ndili mtsikana, ndinabwerera imvi zitayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku. Zaka zonsezo ndinali ku Durban, kusambitsa azungu okalamba ndi kuwawerengera mabuku maso awo atachita chidima. Bambo athu anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni, ine ndinathera zanga m'mabafa a dziko lomwelo. Banja lathu ndi lotero: timakumbira eni ake golide, kwathu denga likudontha.

Lizulu amene ndinkamulota anali wa chifunga cham'mawa, wa mbatata ya kachewere yowunjikidwa bwino ngati timachulu, wa anthu opatsana moni mpaka kuiwala kumene amapita. Amene ndinamupeza anali wa majumbo ouluka, njinga zamoto zolira ngati mavu, ndi anyamata ofiira maso dzuwa lisanakwere. Msewu waukulu wokha ndi umene sunasinthe. Ukadali malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique.

Chimene chinandibweza ndi foni ya amalume, a Silvester, mlongo wawo wa amayi.

"Mng'ono wako Eliness mutu sukuyenda," anatero. "Chimwalirireni mwana uja sanabwerere mwakale. Ngati ukufuna kumuona akadali munthu, bwera."

Eliness ndi mzime wathu. Ndinamusiya akuphunzira kuluka zipewa. Za ukwati wake ndi Duncan, wogulitsa kachewere pa lole, ndinangoonera pa zithunzi za pafoni. Za mwana wake ndinamva kawiri kokha: kuti wabadwa, kenako kuti wapita.

Tsiku limene ndinafika ndinapempha amayi kuti andiperekeze kumanda. Anandionetsa kamtumbira kakang'ono m'mphepete, kumene amaika makanda.

"Maliro a khanda salira, ukudziwa," anatero. "Tinabwera amayi okhaokha, mwakachetechete. Mwini wake anali m'chipatala."

Ndinagwada pa dothi lonyowa, ndinalira, ndinapemphera pemphero lalitali lopempherera mwana amene sindinamunyamulepo. Amayi anaima pambali akutola chisoso chimene chinamata pa chitenje chawo.

"Tiye," anatero nditangoti ameni. "Kukubwera mvula."

2

Eliness ankamusunga m'kachipinda kosungira kachewere, kuseri kwa nyumba. Nditakankha chitseko fungo linandimenya pamphuno: mbatata yowola, thukuta, ndi ndowa imene sinatayidwe. Ndasambitsa matupi ambiri pa moyo wanga, sindine wa nseru. Koma pamenepo ndinatsala pang'ono kusanza, ndipo sichinali chifukwa cha ndowayo. Pa mwendo wa mng'ono wanga panali chingwe cha mbuzi, mbali inayo atamangirira ku mzati.

Anandiyang'ana, n'kumwetulira.

"Achemwali! Mwanenepatu. Azungu aja amakupatsani zotsala zabwino."

"Eliness, mwana wa amayi anga, achita nawe chiyani?"

Anagwira dzanja langa mwamphamvu, natsitsa mawu.

"Ndimasuleni ndipite tsidya. Yankho ali tsidya. Akundidikira."

Yankho linali dzina limene anamupatsa mwana uja.

"Wamva wekha?" Anali amalume, ataima pakhomo, jekete lawo la Lamulungu lili pathupi ngakhale linali Lolemba. Amalume ndi mkulu wa mpingo, ndiponso ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wa Eliness. Anandikokera panja. "Tsidya, tsidya, tsidya, nyimbo yake ndi yomweyo. Iwe unakulira m'tchalitchi, ukudziwa tsidya limene timaimba pamaliro. Akufuna kutsatira mwana. Kangapo konse tamugwira akuthamangira pamsewu, malole akubwera. Chingwe chimene ukunyansidwa nachocho ndicho chamusunga ndi moyo."

"Nanga alamu ali kuti?"

"Duncan mtima wake sungapirire kumuona chonchi. Usamuweruze."

Anandiuza kuti mwezi ndi mwezi amapita naye kuchipatala, amafotokozera adokotala zonse, amatenga mankhwala. "Pakamwa pake ndine," anatero, akudziguguda pachifuwa. "Lachinayi tikupita naye. Ndikapempha kuti amutumize kutali, kumene amasunga otere, akakhale komweko. Amayi ako atopa."

Ndinati chingwe chichoke. Amayi anati, "Masula, koma lole ikamugunda magazi ake ali pa iwe." Ndinali nditaona manda ndi maso anga, ndinali nditamva mawu ndi makutu anga. Ndinataya ndowa, ndinamusambitsa, ndinapaka mafuta pa chilonda cha pamwendo. Chingwe chinatsala.

3

Lachinayi tinakwera minibasi, Eliness pakati pa amalume ndi ine ngati katundu woopa kubedwa. Kuchipatala mzere unali wautali, odwala ndi owadikirira atakhala pa mabenchi m'khonde.

Panali mayi wina wamtali, wa magalasi olendewera pa chingwe m'khosi, amene ankayenda pamzerepo akupereka moni. Chinandidabwitsa n'chakuti ankapereka moni kwa odwala, owaperekeza n'kumangowagwedezera mutu. Atafika pa ife ananjuta patsogolo pa Eliness.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ine ndine Pauline. Inu ndani?"

Eliness anacheuka kuyang'ana kumbuyo, kuona ngati akunena wina. Kenako anatchula dzina lake motsitsa.

Mayi Pauline anayang'ana mwendo uja. "Ichi n'chilonda cha chingwe."

"Mayi," amalume analowerera, "ngati pali zofunsa funsani ine. Nkhoswe yake ndine."

"Zikomo, bambo. Inu ndinu nkhoswe ya ukwati. Ine ndine nkhoswe ya odwala. Maudindo athu ndi osiyana, sitilandana."

"Wakutumani ndani?"

"Mtengo wa mango," anayankha osaseka. Anakweza pang'ono siketi yawo, naonetsa chipsera chozungulira pa akakolo. "Ndinali mphunzitsi wa kusekondale. Nditadwala, alongo anga anandimangirira kumtengo umenewo, ana anga a sukulu akudutsa. Nditachira, ine ndi anzanga amene tinadutsa njira yomweyi tinapangana kuti tizibwera pano. A chipatala amatilola kulowa ndi wodwala, ngati mwini wake wafuna." Anatembenukira kwa Eliness. "Mayi Eliness, mukufuna ndilowe nanu?"

Sindikudziwa kuti panali patapita nthawi yaitali bwanji munthu asanamutchule mng'ono wanga kuti inu. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Wina amene mukufuna alowe ndani?"

"Achemwali," anatero. "Amalume atsale."

Amalume anaimirira. "Wamisala azisankha? Dziko lapita kuti? Mayi inu, mankhwala anu mwamwa lero?"

"Ndamwa, bambo, ndi tiyi. Zikomo pondikumbutsa. Khalani pansi, benchi ikuzizira."

Mzere wonse unaseka, ngakhale aja amene ankaoneka ngati sakumva kanthu.

4

Dokotala anali mnyamata waulemu, wa mawu a kumpoto, maso ali lende ndi kutopa. Anadabwa kuona amalume palibe.

"Mayi Eliness, amalume anu akhala akundiuza kuti mumafuna kudzichotsera moyo. Lero ndimve kwa inu."

"Ndikufuna kupita tsidya," anatero Eliness. "Mwana wanga ali tsidya."

Ine, pofuna kuthandiza, ndinatsegula pakamwa. "Adokotala, chimene akutanthauza n'chakuti..."

Dzanja la Mayi Pauline linatera pa bondo langa. "Achemwali, mawuwa ali ndi mwini wake, ndipo ali pompano." Anadikira kuti m'chipindamo mukhale zii. Kenako anafunsa mofatsa, ngati akufunsa njira ya kuchigayo:

"Tsidya liti, mayi?"

Eliness anawayang'ana ngati akuona chitsiru.

"Tsidya la msewu. Ku Mozambique. Kodi tsidya lilipo lina?"

Ndinamva mawu a amayi a kalekale, ndili kamtsikana: Tikondwe, thamanga tsidya ukagule mchere. Pa Lizulu tsidya si kumwamba, si kumanda. Ndi pamene pali magolosale a mbali inayo, ukangodumpha phula. Ndinabadwa ndi mawu amenewo m'kamwa, ndipo amalume anandilanda masana dzuwa likuswa mtengo, n'kundipatsa a m'buku la nyimbo.

"Mukudziwa bwanji kuti ali kumeneko?" dokotala anafunsa.

"Chitseko changa chili ndi mng'alu," anatero Eliness. "Amayi chiyambire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ija sankaponda tsidya, achemwali akudziwa. Ankati kumeneko kumanunkha wonga. Koma tsopano tsiku lililonse la msika amasinja nsinjiro, amamanga m'kansalu, amawoloka. Akabwera amandibweretsera chakudya, ine ndimanunkhiza. Chitenje chawo chimanunkha mwana. Tsiku lina chinali chonyowa pamsana." Anayang'ana dokotala m'maso. "Adokotala, inu mwaphunzira. Mwana wakufa amakodzera agogo ake?"

Dokotala anakanda m'mutu. "Mayi Pauline, mukudziwa kuti matendawa nthawi zina amamuonetsa munthu zinthu zimene kulibe."

"Ndikudziwa bwino, adokotala. Ine ndinkamva wailesi ikunditchula dzina pa nkhani za m'mawa. Koma masiku omwewo ndinkadandaula kuti dzino likuwawa, ndipo linalidi lobooka. Palibe anandiyang'ana m'kamwa. Sindikuti mayiwa akunena zoona, sindikuti akunama. Ndikuti msewu ndi wongowoloka. Musanawatumize kutali, wina akaone pafupi."

Dokotala anavomera. Anati mankhwala apitirize, za kutali ziyambe zaima, chingwe chichoke lero lomwe, ndipo nkhaniyo aidziwitsa a zosamalira anthu. Titatuluka tinapeza amalume atapita. Anasiya uthenga kwa mayi wogulitsa nthochi kuti akumbukira msonkhano wa kumpingo.

5

M'mawa mwake ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba, mtondo pakati pa miyendo, akusinja mtedza.

"Nsinjirozi n'za ndani, amayi?"

Munsi unaima m'mwamba, kenako unagwa.

"Za ndiwo."

"Ndiwo zake zimadyedwa ku Mozambique?"

Sanalire. Ndikanakonda akanalira. Anapukuta manja pa chitenje, nandiyang'ana ngati ndine mwana wosamva.

"Unali kuti iwe, mtchona? Unali kuti pamene mng'ono wako ankamusiya mwana pabwalo mvula ikugwa, iye ali m'nyumba kukangana ndi makoma? Unkapukuta azungu. Ine ndi amene ndinatola mwanayo, atachita kuzizira ngati chule."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinandilasa. Eliness anadwaladi atangobereka, kudwala koopsa. Sindibisa.

"Munachita bwino kumutola. Nanga Eliness atatuluka m'chipatala, bwanji simunamubwezere?"

"Kuti akamuyamwitse misala? Mkaka wa wamisala umapatsira, aliyense akudziwa. Ndipo tikanamuuza kuti ali moyo, akanatipatsa mtendere? Amalume ako anati timuuze kuti anapita, alire kamodzi, aiwale."

"Ali kwa ndani?"

"Kwa bambo ake. Kwa Janeti."

"Janeti ndani?"

Amayi anabwerera ku mtondo wawo. Anandiuza akusinja, mawu akutuluka pakati pa kugunda kwa munsi. Duncan anali ndi mkazi wina tsidya, wa kale ndithu, Eliness asanatenge n'komwe pathupi. Janetiyo sankabereka. Ndipo nkhoswe imene inakaimira Duncan pa ukwati wa kumeneko, mwakachetechete kuti mpingo usamve, inali yomweyo ya jekete la Lamulungu. Nkhoswe imodzi, mbali zonse ziwiri za msewu.

"Anamuwolotsa ndani mwanayo?"

"Ndinamubereka ndekha. Ndikanapatsa ndani mdzukulu wanga?"

"Nanga m'manda muja muli chiyani?"

"Thunthu la nthochi."

Ndinakumbukira maondo anga m'matope, misozi yanga, ameni wanga uja.

"Amayi, munandisiya ndikugwadira nthochi. Munaima pambali panga ndikupempherera nthochi."

"Pemphero silitayika," anatero amayi anga ondibereka, nathira mtedza wina mu mtondo.

Ndinapita kuseri kwa khola n'kusanza. Nthawi imeneyo ndinasanzadi.

6

Tsiku la msika Mayi Pauline anatsika minibasi atanyamula ambulera. Anali atayankhula kale ndi a zosamalira anthu, ndipo anatikhazika pansi tisananyamuke.

"Mayi Eliness, ndikuuzeni zoona zokhazokha. Lero sitikukatenga mwana. Ali m'dziko la eni, ndipo mayi amene akumudziwa ndi uja. Mukamukwatula, mumuopseza, ndipo adzati onani wamisala uja. Nkhani yobwera naye kuno idzayenda m'njira yake, ine ndidzayenda nanu. Lero tikukamuona. Mukuti bwanji? Mukakana, sitipita."

"Ndamva," anatero Eliness. Anavala chitenje chake chabwino, cha maluwa achikasu, chimene ndinamutumizira pa ukwati wake.

Titafika m'mphepete mwa msewu, msika wonse unatembenuka. "Gwirani wamisala uyo!" anakuwa bambo wina wa kabichi, akubwera manja ali patsogolo. Mayi Pauline anangotambasula ambulera yawo yotseka pachifuwa pake ngati mpiringidzo.

"Kabichi wanu akudyedwa ndi mbuzi, bambo."

Eliness anaima pa phula. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Anadikira lole ya simenti idutse, anadikira minibasi, anadikira ngakhale njinga yakapalasa ya nkhalamba ina. Kenako anawoloka pang'onopang'ono, mutu uli chilili, ngati mkwatibwi.

Nyumba ya Janeti inali kuseri kwa chigayo. Duncan atangotiona anadumphira pa njinga yamoto ya kabaza, osafunsa n'komwe mtengo, nsapato imodzi n'kutsala pakhonde. Ndiye mwamuna wa mtima wosapirira uja.

Janeti anatuluka. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Kumbuyo kwa miyendo yake kunasuzumira kamnyamata koyenda dzandidzandi, makutu otambalala a malemu bambo athu ali ngati zogwirira za poto.

"A Duncan anandiuza kuti simudzachira," Janeti anatero, misozi ikutsika. "Anati mwanayu simumudziwanso n'komwe. Mulungu ndi mboni."

Eliness anayang'ana mwanayo. Ananjuta pansi, natambasula manja.

"Yankho."

Yankho sanayankhe. Anabisa nkhope m'chitenje cha Janeti.

"Timamutcha Lucky," Janeti ananong'ona.

Ndinaona nsagwada za mng'ono wanga zikulimba. Ndinaopa. Mayi Pauline sanasunthe. Eliness anapuma mozama, anatulutsa nthochi imene anagula pamsika, anaisenda, naigwira patsogolo pake osayandikira. Anadikira. Ndani wodziwa kudikira kuposa munthu amene wakhala pa chingwe?

Kamnyamata kanabwera, kanaluma nthochi ili m'dzanja lake, kanabwereranso. Kanabweranso. Ulendo wina kanakhala pa ntchafu yake kuti kadye bwino, kakusewera ndi maluwa achikasu aja. Eliness sanakakumbatire. Anangoika mphuno yake pa liwombo pake, atatsinzina.

Kenako anatsegula maso mwadzidzidzi. Pa chitenje pake pankafalikira chinyezi chofunda.

"Pepani, pepani!" Janeti anathamangira madzi. "Bweretsani ndichape."

"Musakhudze," anatero Eliness. Ankaseka, misozi ikugwera m'kamwa.

Pobwerera anawoloka msewu patsogolo pathu, anaima pakati pa msika pamene milu ya kachewere imayambira, natambasula chitenje chonyowacho ndi manja awiri, kuti aliyense aone.

"Bambo a kabichi! Amayi a tomato! Bwerani mununkhize! Malemu andikodzera!"

Palibe amene anaseka. Palibenso amene anati gwirani.

7

Owerenga anzanga, musayembekeze kuti ndikuuzani kuti zonse zinatha bwino. Nkhani ya mwanayo ikadali m'manja mwa a zosamalira anthu, ndipo imayenda ngati nkhono, poti ndi ya maiko awiri. Pakadali pano Janeti amabwera naye masiku a msika. Mwanayo akaitanidwa Lucky amatembenuka. Akaitanidwa Yankho amaseka, akuyesa masewera. Eliness amamwa mankhwala ake, ali ndi masiku abwino ndi masiku oipa, ndipo kuchipatala amalowa ndi amene wamusankha yekha. Masiku ena sasankha aliyense.

Amalume akulalikirabe. Lamulungu lapitali ndinamva mawu awo akutuluka pa zenera la tchalitchi, akufotokoza kukoma kwa tsidya lija. Chingwe chija amayi anamangira mbuzi, poti chinali chikadali cholimba. Timadya m'mbale imodzi, amayi ndi ine, koma sitiyang'anana m'maso. Lizulu amene ndinkamulira ku Durban, wa anthu opatsana moni mpaka kuiwala ulendo, ndi yemweyu amene anamva mtsikana akukuwa m'chipinda cha kachewere n'kumangokweza wailesi.

Tsiku lina ndinafunsa Mayi Pauline kuti akanatani Eliness akanayankha kuti tsidya lake ndi la kumanda.

"Ndikanamva chimodzimodzi," anatero. "Ndipo tikanamuthandiza pa chimenecho, mwachangu, iye akudziwa. Alipo ambiri amene amayankha choncho. Ntchito yanga si kuyankhulira munthu. Oyankhulira anthu ndi ochuluka kale, ena avala majekete. Yanga ndi kutseka pakamwa pa enawo mpaka mwini wake amalize chiganizo."

Mwina kwanu kuli wina kuseri kwa nyumba amene mawu ake munawapeza kale tanthauzo, ndipo mumamasulira alendo iye ali pomwepo. Mwina mumamukonda. Amayi anganso amati ankamukonda Eliness. Musanagule chingwe, musanakwere naye minibasi, njutani pansi, mumutchule kuti inu, mumufunse funso limene banja lathu lonse, ndi nkhoswe zake, ndi mapemphero ake, linaopa kufunsa chifukwa yankho lake linali kuseri kwa chigayo, likudya nsinjiro za agogo ake.